Mafunso ndi Mayankho pa Kapangidwe ka Gemu ya Nkhondo Yosewera Mopatsana Mpata

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa munthu wofuna kupanga gemu ya pakompyuta ya nkhondo, ya mtundu umene osewera amapatsana mpata: wina amasuntha asilikali ake n'kumenya, ndipo akamaliza mnzake nayenso amachita zake. Mayankho ake akuchokera m'zimene opanga magemu otere anayesa kale, ndiponso m'maganizo anga pa zimene zimakoma ndi zimene zimatopetsa wosewera.

Kodi gemu yopatsana mpata imasiyana bwanji ndi magemu ena a nkhondo?

M'magemu amene nthawi imayenda mosalekeza, monga StarCraft ya mu 1998, wosewera wa zala zofulumira amatha kugonjetsa mnzake woganiza bwino amene amachedwa kudina mabatani. Mu gemu yopatsana mpata nthawi imaima mpaka wosewera atanena yekha kuti wamaliza, choncho kupambana kumadalira zimene wasankha. Masewera otere anayamba kale kwambiri kompyuta isanabwere. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anasonyeza akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, amene anawakonza popitiriza ntchito imene bambo ake anayamba. Ankaseweredwa pa mapu enieni ndi tizidutswa tofiira ndi tabuluu toimira magulu a asilikali, ndipo panali woyimbira amene ankalandira zimene mbali iliyonse yalamula n'kulengeza zotsatira zake. Kompyuta inadzangotenga ntchito ya woyimbirayo.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi yaikulu pa kapangidwe konse ndi iyi: popeza mwapatsa wosewera nthawi yoganiza, muyenera kumupatsanso choganizira. Mpata uliwonse ukhale ndi chosankha chimene akatenga ichi ataya icho, ndipo zotsatira zake zikafika athe kuona yekha kuti zachokera pa zimene anasankha. Lamulo lililonse limene simungathe kusonyeza kuti likuthandiza pa zimenezi ndi loyenera kulichotsa, ngakhale mutalikonda chotani.

Maganizo ndili nawo ambiri. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kudzifunsa kuti kachidutswa kamodzi pa mapu kakuimira chiyani. Ngati kakuimira msilikali mmodzi, monga mu X-COM ya 1994 kapena Jagged Alliance 2 ya 1999, ndiye kuti khoma, zenera ndi chitseko n'zofunika, mpata umodzi ndi masekondi ochepa, ndipo imfa ya munthu mmodzi imamveka. Ngati kakuimira asilikali masauzande, monga mu Unity of Command ya 2011, khoma lilibenso ntchito, ndipo zofunika ndi mitsinje, njanji ndi nyengo, pamene mpata umodzi ndi masiku angapo. Ngati mukulamulira dziko lonse, monga mu Civilization ya 1991, mpata umodzi ungakhale zaka zambiri, ndipo nkhondo imangokhala mbali imodzi ya chuma ndi ndale. Oyamba kumene ambiri amafuna kuphatikiza zonse zitatu mu gemu imodzi, n'kumaliza ali ndi magemu atatu osatha.

Mukasankha, musathamangire kompyuta. Jambulani mapu papepala, dulani timapepala toimira magulu, tengani madayisi, n'kusewera ndi mnzanu. Lamulo limene lingakutengereni mlungu wathunthu kulilemba mu pulogalamu, papepala mumalisintha ndi pensulo m'mphindi imodzi, ndipo gemu imene sikoma papepala sidzakoma chifukwa choti mwaiveka zithunzi zokongola.

Kodi mapu ndiwagawe m'mabokosi a mbali 4 kapena a mbali 6?

Vuto la bokosi la mbali 4 lili pangodya. Kuchoka pakati pa bokosi kupita pakati pa bokosi la pangodya ndi mtunda wotalika pafupifupi 1.41 kuyerekeza ndi kupita pa bokosi la pambali, choncho mukalola kuyenda kodzera pangodya pa mtengo wofanana, asilikali oyenda motero amafulumira kuposa anzawo popanda chifukwa. Advance Wars ya 2001 ndi magemu a Fire Emblem anangoletseratu kuyenda kotere. Bokosi la mbali 6, limene opanga magemu amalitcha hex, lili ndi oyandikana nalo 6 amene onse ali pa mtunda wofanana, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Avalon Hill inayamba kuligwiritsa ntchito m'masewera ake a patebulo mu 1961, ndipo Civilization inasamukirako mu 2010 itatha zaka 19 pa mabokosi a mbali 4. Komabe hex sigwirizana ndi makoma owongoka ndi misewu ya m'tauni. Ine ndimasankha hex pa nkhondo ya pamtetete, ndipo mabokosi a mbali 4 pa nkhondo ya m'nyumba ndi m'misewu.

Za kukula kwa mapu, yambani ndi aang'ono. Into the Breach ya 2018 imaseweredwa pa mabokosi 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, mofanana ndi chesi, ndipo palibe mpata wongoyenda chabe, chifukwa adani amakhala pafupi kuyambira pachiyambi.

Mipata iziyenda motani?

Njira yodziwika kwambiri ndi yoti mbali imodzi imasuntha magulu ake onse, kenako inayo imasuntha ake onse. Ndi yosavuta kuimvetsa ndi kuilemba mu pulogalamu, koma imapatsa mphamvu zambiri woyamba kumenya, amene angathe kuunjikira gulu limodzi la mdani n'kulitheratu mwini wake akungoyang'ana. Mankhwala ake ndi kupatsa womenyedwa chochita pa mpata wa mnzake. Mu Advance Wars gulu lomenyedwa limabwezera ndi mphamvu zimene latsala nazo, ndipo mu XCOM ya 2012 msilikali angasiye kuwombera pa mpata wake kuti adikirire mdani amene angadutse pamaso pake.

Njira yachiwiri ndi yosinthana gulu ndi gulu, kawirikawiri potsata liwiro la gulu lililonse, monga mu Final Fantasy Tactics ya 1997. Imachepetsa kudikira, koma imavuta kukonza chiwembu cha magulu angapo ogwirira limodzi, popeza mdani amalowerera pakati. Njira yachitatu ndi yoti mbali zonse zimalamula mwachinsinsi, kenako zolamulazo zimachitika nthawi imodzi. Diplomacy, masewera a patebulo a mu 1959, amayenda chomwecho, ndipo mu Combat Mission ya 2000 wosewera akalamula amangoonerera masekondi 60 a nkhondo osatha kusintha kanthu. Njira imeneyi ndi yokoma kwambiri, chifukwa muyenera kulota zimene mdani akuganiza, koma imafuna malamulo ambiri onena zochitika magulu awiri akafuna kulowa m'bokosi limodzi. Pa gemu yanu yoyamba ndikulangizani njira yoyamba ija, ndi kubwezera kwa womenyedwa.

Palinso funso la zimene gulu limodzi lingachite pa mpata umodzi. X-COM ya 1994 inkapatsa msilikali aliyense mapointi a nthawi amene ankatha akamayenda, akamatembenuka, akamagwada ndi akamawombera, ndipo wosewera ankakhalira kuwerengetsera. XCOM ya 2012 inangopatsa msilikali zochita ziwiri basi. Ena anadandaula kuti gemuyo yapepuka, koma funso lenileni, loti ndisunthe kapena ndiwombere, linatsala lonse, ndipo chimene chinachoka ndi masamu.

Kodi mitundu ya asilikali ikhale ingati?

Ikhale yochepa moti mungathe kufotokoza ntchito ya mtundu uliwonse m'chiganizo chimodzi chosafanana ndi cha mtundu wina. Chesi ili ndi mitundu 6 yokha. Ngati kasinja wanu wachiwiri amangosiyana ndi woyamba poti ndi wamphamvu pang'ono ndiponso wodula pang'ono, simunapange mtundu watsopano. Kusiyana kwenikweni kumakhala m'malamulo: mu Advance Wars asilikali oyenda pansi ndi ofooka, koma ndi okhawo amene angalande mizinda imene imabweretsa ndalama, ndipo mizinga imamenya patali koma singasunthe ndi kuwombera pa mpata umodzi, komanso singamenye mdani woigundira. Malamulo awiri okhawa amachititsa wosewera kuika akasinja kutsogolo, mizinga kumbuyo, ndi kuteteza oyenda pansi, popanda wina kumuuza. Fire Emblem inayambitsa mu 1996 dongosolo loti lupanga limaposa nkhwangwa, nkhwangwa imaposa mkondo, ndipo mkondo umaposa lupanga. Dongosolo lotere ndi losavuta kuphunzira, koma likakhala lamphamvu mopitirira, wosewera amasiya kuyang'ana mapu n'kumangofananiza zida.

Kodi mapiri, nkhalango ndi mitsinje zizigwira ntchito yanji?

Malo ayenera kusintha zinthu zitatu: kuyenda, kudziteteza ndi kuona. Mu The Battle for Wesnoth, imene David White anaiyamba mu 2003, mwayi womenyedwa umadalira malo amene gulu laima, moti gulu lomwelo limakhala lovuta kulimenya m'nkhalango koma losavuta likakhala m'madzi, ndipo magulu ena amawonjezera mphamvu ndi 25 peresenti masana pamene ena amatero usiku. Chifukwa cha zimenezi mzere wa nkhondo umapita kutsogolo ndi kubwerera potsata dzuwa, ndipo wosewera amaphunzira kuti kubwerera m'mbuyo pa nthawi yake ndi mbali ya kupambana.

Lamulo limodzi limene ndimalimbikitsa kwambiri ndi loti gulu lililonse lizilamulira mabokosi olizungulira, kuti mdani akangolowa m'bokosi loyandikana nalo aime pomwepo. Popanda lamuloli akasinja a mdani amangodutsa pakati pa magulu anu n'kukamenya mizinga kumbuyo, ndipo kuti mutseke njira muyenera kudzaza bokosi lililonse. Ndi lamuloli magulu ochepa amatha kusunga mzere wautali, kuboola mzerewo kumakhala ntchito yofuna kukonzekera, ndipo kuzinga mdani, monga momwe Hannibal, mkulu wa asilikali a ku Carthage, anazingira Aroma ku Cannae mu 216 B.C., kumatheka pa mapu anu. Ganiziraninso za kuchuluka kwa magulu amene angaime m'bokosi limodzi. Civilization IV ya 2005 inkalola kuunjika asilikali onse pamalo amodzi, ndipo nkhondo inkangokhala ya mulu ndi mulu. Civilization V inalola gulu limodzi lankhondo pa bokosi, zimene zinabweretsa mizere ya nkhondo koma zinabweretsanso kuthithikana m'malo opanikiza. Ngati mwasankha gulu limodzi pa bokosi, mapu anu akhale ndi malo okwanira opatukirana.

Kodi zotsatira za kumenyana zizidalira mwayi?

Ili ndi funso limene opanga magemu amatsutsana kwambiri, ndipo ndi loyenera kukhalapo nthawi. Mwayi unalowa kale m'masewera a nkhondo. Tactics, gemu ya patebulo imene Charles S. Roberts anatulutsa mu 1954, inali ndi tchati imene munkayerekezapo mphamvu za womenya ndi za womenyedwa, kuponya dayisi, n'kuwerenga zotsatira. Ubwino wa mwayi ndi woti umakakamiza wosewera kukhala ndi njira yachiwiri, umalepheretsa kuloweza njira imodzi yopambanira, ndipo umapatsa wofooka chiyembekezo.

Vuto lake ndi loti anthu samva manambala monga momwe alili. Munthu akaona 95 peresenti amamva ngati wauzidwa kuti zatheka kale, chonsecho akawombera maulendo 20 pa mwayi umenewo, mwayi woti aphonye kamodzi kapena kuposa ndi pafupifupi 64 peresenti. Kuphonya kawiri motsatizana pa 70 peresenti kumachitika maulendo 9 pa 100 alionse, ndipo mu gemu ya maola 30 adzakumana nako kambirimbiri, n'kumanena kuti kompyuta ikubera. Opanga Fire Emblem, kuyambira mu gemu yawo ya 2002, anathana ndi zimenezi potenga manambala awiri a mwayi n'kupeza wapakati, moti 80 wolembedwa pasikirini amakhala pafupifupi 92, ndipo 20 amakhala pafupifupi 8. Wosewera amamva kuti zinthu zikuyenda mwachilungamo ngakhale kuti nambala imene akuiona si yeniyeni. Ine sindikonda kuonetsa wosewera nambala yabodza mu gemu imene ndamupempha kuti aganize mozama, koma ndikumvetsa chimene anachitira zimenezo.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kusiyanitsa mwayi wobwera munthu asanasankhe ndi mwayi wobwera atasankha kale. Mvula ikagwa pachiyambi pa mpata, kapena mdani akatulukira kumene simunamuyembekezere, muli ndi vuto latsopano loti mulithetse, ndipo mukalithetsa mumadzitama. Koma mukakonza zonse bwino kenako dayisi n'kukulandani, palibe chimene mwaphunzira. Into the Breach inatsata njira yoyamba mpaka pamapeto: adani amasonyezeratu kumene amenye pa mpata wotsatira, zida zanu siziphonya, ndipo ntchito yanu ndi kupeza njira yopulumutsira nyumba zonse ndi makina atatu okha. Ngati mukufunabe mwayi pa kumenyana, chepetsani kukula kwake. Gulu likamenya liziwononga pakati pa 4 ndi 6 m'malo moti liwononge 10 kapena lisawononge kanthu, kapena kumenyana kumodzi kukhale ndi kuponya kangapo, chifukwa kuponya kukachuluka zotsatira zimayandikira pakati.

Nanga kubisa mbali zina za mapu?

Kusadziwa kumene mdani ali, kumene ambiri amakutcha chifunga cha nkhondo, kumapatsa ntchito azondi, ndege zofufuza ndi nsanja za pamapiri, ndipo kumatheketsa kubisalira ndi kunamiza. M'maso mwanga chifungachi ndi mwayi wabwino kuposa dayisi, chifukwa wosewera angathe kuuchepetsa polipira kanthu: akatuma azondi amaona, akaumira amayenda m'mdima mwa kufuna kwake. Samalani zinthu ziwiri. Wosewera azikhala ndi zizindikiro zoganizirapo, monga malo amene mdani anaonekera komaliza kapena mbali imene mizinga ikuwombera, chifukwa mdima wopanda chizindikiro chilichonse umangomuphunzitsa kuyenda bokosi limodzilimodzi, ndipo gemu imachedwa. Chachiwiri, kompyuta nayonso imvere chifungacho, popeza wosewera akazindikira kuti mdani amaona zonse amasiya kubisala.

Kodi nkhani ya chakudya, mafuta ndi zipolopolo siingatopetse wosewera?

Ingatopetse ngati mwaisandutsa ntchito ya kalaliki, koma mukaichotsa mwachotsa chimene chinagamula nkhondo zambiri zenizeni. Asilikali a Germany atalowa mu Soviet Union pa 22 June 1941, anapeza kuti njanji za kumeneko ndi zotakata kuposa zawo, moti ankayenera kuzikonzanso kuti sitima zawo zidutse, ndipo mvula ya kumapeto kwa chaka itasandutsa misewu matope, akasinja anatsogola kutali kusiya mafuta awo m'mbuyo. Mu November 1942 asilikali a Soviet Union sanalimbane ndi gulu lankhondo la 6 la Germany maso ndi maso mu Stalingrad mokha, koma anaboola m'mbali n'kulizinga, ndipo ndege zitalephera kulibweretsera katundu wokwanira, linagonja pofika pa 2 February 1943.

Unity of Command inamangidwa pa mfundo imeneyi. Katundu amachokera pamalo odziwika, amatsata njanji, amafika mtunda wakutiwakuti kuchoka pamenepo, ndipo gulu limene ladulidwa limafooka mpata ndi mpata mpaka silingathenso kumenya. Wosewera sawerenga migolo ya mafuta. Amangodina batani n'kuona pa mapu kumene katundu akufika ndi kumene sakufika, ndipo nthawi yomweyo mlatho umodzi kapena mphambano ya njanji imakhala yofunika kuposa magulu atatu a mdani. Umu ndi momwe ndimafunira kuti nkhaniyi ilowe mu gemu: ioneke pa mapu, ikhale ndi lamulo limodzi kapena awiri, ndipo ipatse wosewera njira yogonjetsera mdani wamphamvu popanda kumenyana naye mutu ndi mutu. Advance Wars ili ndi njira yopepuka, yoti gulu lililonse lili ndi mafuta ndi zipolopolo zake, ndege imagwa mafuta akatha, ndipo galimoto yonyamula katundu imadzaza magulu oyandikana nayo. Pa mapu aang'ono zimenezo n'zokwanira.

N'chifukwa chiyani wotsogola amangopitirira kutsogola, ndipo ndingatani?

Mu 1916 Frederick Lanchester anasonyeza mwa masamu kuti pamene asilikali onse angathe kuwombera nthawi imodzi, mphamvu ya gulu imakula ngati chiwerengero chake chochulukitsidwa ndi chiwerengero chomwecho. Magulu 10 akakumana ndi magulu 5 ofanana nawo mphamvu, opambana satsala 5, amatsala pakati pa 8 ndi 9. Mukawonjezapo kuti wopambana amalanda mizinda n'kupeza ndalama zogulira magulu ena, gemu imakhala itagamulidwa pakati, ndipo theka lotsalalo ndi ntchito yongosesa.

Njira zochepetsera zimenezi zilipo zingapo, ndipo zabwino ndi zimene zimamveka zoona m'nkhondo. Gulu lililonse lizidya ndalama pa mpata uliwonse, monga mu Wesnoth, kuti asilikali ochuluka akhale katundu wolemera. Wopita kutsogolo azitalikira kumene katundu wake amachokera pamene wobwerera akuyandikira kwawo. Koposa zonse, kupambana kusakhale kupha mdani yense. Mu Panzer General ya 1994 munkayenera kulanda mizinda yodziwika mipata isanathe, choncho ngakhale mutakhala wamphamvu munkakakamizika kuthamanga ndi kuika magulu anu pangozi. Nkhondo ina ikhale yosunga mlatho kwa mipata 10, ina yotulutsa asilikali ozingidwa, ina yoperekeza magalimoto. Ndipo zikaonekeratu kuti wina wapambana, gemu ithe pomwepo, mdani agonje, m'malo mokakamiza wosewera kusakasaka gulu lomaliza lobisala pangodya ya mapu.

Kodi kompyuta ndingaiphunzitse bwanji kusewera ngati mdani?

Njira ya mapulogalamu a chesi, yoyang'ana mipata yambiri kutsogolo, siigwira bwino pano. Mu chesi wosewera amakhala ndi zosankha pafupifupi 35 pa mpata umodzi, pamene mu gemu yanu magulu 10 okhala ndi zosankha 20 lililonse amapereka njira zoposa mathiliyoni 10, tisanawerenge n'komwe kuti liyambe ndi gulu liti. Chimene ambiri amachita ndi kupatsa chochita chilichonse mapointi: kuwononga mdani kumawonjezera, kuima pamalo otetezeka kumawonjezera, kulowa pamene mizinga ya mdani ikufika kumachotsera, ndipo gulu limasankha cha mapointi ambiri. Pamwamba pake pamafunika mkulu wa asilikali wa m'pulogalamu amene amagawira magulu zolinga, kuti ena asunge mzinda pamene ena akuzungulira, apo ayi onse amathamangira mdani mmodzi ngati njuchi. Pofuna kupeza njira yodutsa pa mapu, njira yowerengera ya pakompyuta yotchedwa A* ya mu 1968 ikugwirabe ntchito, ndipo ina yotere, yotchedwa Dijkstra, imathandiza kupeza mabokosi onse amene gulu lingafike. Chris Crawford, mu Eastern Front (1941) imene inatuluka mu 1981, anachititsa kompyuta kuganiza pa nthawi imene wosewera akuganiza, moti wochedwa kusankha ankakumana ndi mdani wokonzeka bwino.

Cholinga si mdani wosagonjetseka. Ndi mdani amene zochita zake zimamveka, amene amalanga kusasamala, ndiponso amene angathe kunamizidwa ndi wosewera wochenjera. Ngati kompyuta mwaipatsa ndalama kapena asilikali owonjezera kuti gemu ilimbe, nenani poyera pamene wosewera akusankha mlingo wa kuvuta.

Kodi gulu likafa lizifa mpaka kalekale? Nanga kubweza zimene wachita?

Magulu amene amapita ndi wosewera kuchokera nkhondo ina kufika ina, akumakula luso, amachititsa munthu kuwasamala, ndipo Panzer General, Fire Emblem ndi XCOM zonse zimadalira chikondi chimenechi. Kuipa kwake n'koti wotaya magulu ake abwino msanga angadzapezeke patsogolo ali ndi nkhondo yosatheka kupambana, choncho payenera kukhala njira yopezera olowa m'malo amene si ofooka kwambiri. Ambiri gulu lawo likafa amangobwerera pamene anasunga gemu n'kuyesanso. XCOM ya 2012 imasunga mndandanda wa manambala a mwayi pamodzi ndi gemuyo, moti kubwereza chochita chomwecho kumabweretsa zotsatira zomwezo. Za kubweza, lolani wosewera kubweza kusuntha kulikonse kumene sikunaulule chobisika kapena kuponyetsa dayisi, chifukwa kudina bokosi lolakwika si kulephera kwa nzeru. Into the Breach imalola ngakhale kubweza mpata wathunthu kamodzi pa nkhondo iliyonse.

Kodi ndigwiritse ntchito nkhondo yeniyeni ya m'mbiri kapena dziko longopeka?

Nkhondo yeniyeni imakupatsani mapu, zida ndi mavuto okonzeka kale, koma imakupatsaninso udindo. Nkhondo zenizeni sizinali za mbali zofanana mphamvu, choncho kupambana kuyezedwe poyerekeza ndi zimene zinachitikadi: amene wasunga mzinda nthawi yaitali kuposa momwe unasungidwira m'mbiri wapambana, ngakhale mzindawo utagwa. Udindo waukulu ndi wa anthu amene anafa. Magemu ambiri a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse amaonetsa mapu oyera okhala ndi akasinja okhaokha, ngati kuti m'mizinda imene ikulandidwayo munalibe anthu wamba, ndiponso ngati kuti asilikali ena sanachite nkhanza zimene mbiri inalemba. Sindikunena kuti gemu iliyonse isanduke phunziro la mbiri, koma mawu amene mumalemba nkhondo isanayambe ndi itatha asatamande zimene siziyenera kutamandidwa. Dziko longopeka, monga mayiko a Orange Star ndi Blue Moon mu Advance Wars, limakumasulani kuti mulinganize mbali zonse monga mufunira, koma mudzayenera kugwira ntchito yochititsa wosewera kusamala za anthu amene sanawamvepo.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene ndapanga zikuyenda bwino?

Perekani gemuyo kwa munthu amene sanaionepo, khalani pambali, ndipo musamuthandize ngakhale pakamwa pakuyabwa. Onani pamene waima nthawi yaitali, ndipo mufunse pambuyo pake ngati anaima chifukwa chosankha chinali chovuta kapena chifukwa sanamvetse zimene sikirini ikumuuza, popeza choyambacho ndi chimene mukufuna ndipo chachiwiricho ndi cholakwa chanu. Asanamenye azitha kuona zimene zingachitike kwa mbali zonse ziwiri, kumene gulu lake lingafike, ndi kumene adani angamenye, osachita kutsegula masamba atatu. Akagonja mufunseni chimene chamugonjetsa. Akatchula mlatho umene anausiya wopanda mlonda, gemu yanu ikuphunzitsa, koma akanena kuti sakudziwa, pali lamulo limene likugwira ntchito mobisika.

Manambala onse a magulu, monga mphamvu, liwiro ndi mtengo, asungeni mu fayilo yapadera kunja kwa pulogalamu kuti muziwasintha mosavuta, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chabweretsa kusiyana. Lembani mitundu ya magulu imene oyesa amagula: umene aliyense amagula ndi wotchipa mopitirira, ndipo umene palibe amaugula ulibe ntchito yakeyake. Mapulogalamu opangira magemu monga Godot ndi Unity n'zokwanira pa gemu yotere, ndipo ngati simunayambe kulemba mapulogalamu, Wesnoth ndi yaulere, pulogalamu yake ndi yotsegukira aliyense, ndiponso ili ndi chida chojambulira mapu chimene mungayesere nkhondo yanu yoyamba musanalembe mzere ndi umodzi womwe.